Phokoso la ku Chamboli: mmene gulu la WITCH linajambulira zimbale zake zoyambirira

Munthu amene akumva koyamba chimbale cha Introduction cha gulu la WITCH kawirikawiri amayamba wakayikira masipika ake. Gitala imamveka ngati nsalu imene ikung'ambika, ogani imalira chapatali ngati ili m'chipinda china, ng'oma zimamveka zopyapyala, ndipo mawu a woyimba pena amakwera pamwamba pa zida zonse, pena n'kumira. Vuto silikhala la masipika ayi. Umo ndi mmene chimbalecho chinajambulidwira cha m'ma 1972 ku Copperbelt, chigawo cha migodi ya mkuwa m'dziko la Zambia, pa nthawi imene oyimba a m'dzikolo ankatumiza matepi awo kunja kuti akasindikizidwe pa mbale. Lero anthu osonkhanitsa zimbale zakale ku Ulaya, America ndi Japan amachiwerengera chimbalechi pakati pa chuma cha psychedelic rock, ndipo ena a iwo amayesa kuti kukhakhala kwa mawu ake linali luso lochita kusankha. Ine ndimaona kuti mbali yaikulu ya kukhakhalako ndi zipsera za njira imene nyimbozo zinadutsa kuti zifike pa mbale, ndipo wofuna kuzimvetsa ayenera kuyamba waidziwa njirayo.

Liwu loti psychedelic silinayambire m'nyimbo. Analipanga ndi dokotala wa matenda a maganizo wa ku Britain, Humphry Osmond, m'zaka za m'ma 1950 pamene ankagwira ntchito ku Canada, pofotokoza mankhwala ngati LSD amene amasokoneza mmene munthu amaonera ndi kumvera zinthu. Pakati pa zaka za m'ma 1960 liwuli linasamukira kwa oyimba a ku San Francisco, Austin ndi London amene ankafuna kuti nyimbo zawo zimuzunguze womvera ngati mmene mankhwalawo amachitira. Gulu la The 13th Floor Elevators linaika liwuli pa dzina la chimbale chake mu 1966, Pink Floyd inayamba kutchuka mu kalabu ya UFO ku London kumapeto kwa chaka chomwecho, ndipo mu 1967 Jimi Hendrix anaonetsa dziko lonse kuti gitala yamagetsi ikhoza kubangula, kubuula ndi kulira ngati munthu. Zizindikiro za nyimbozi n'zosavuta kuzigwira: gitala yosasa mawu, mawu obwerezabwereza ngati a m'phanga, ogani yokoka mawu mosalekeza, ndiponso zigawo zazitali zimene oyimba amangotsatira mzimu wa nyimbo osasamala za nthawi. Magulu otere ankatchedwanso a underground chifukwa ankakhala kunja kwa makampani akuluakulu a nyimbo, ankayimba m'malo odziwika kwa anthu ochepa, ndipo nthawi zambiri ankadzitulutsira okha zimbale.

Ku Kitwe, komwe WITCH inabadwira, liwu loti underground linali ndi tanthauzo lina lenileni, pakuti kumeneko ndi kumene abambo ndi achimwene a anyamatawa ankatsikira tsiku ndi tsiku kukakumba mkuwa. Zambia italandira ufulu pa 24 October 1964, mkuwa unali ndi mtengo wabwino pa msika wa dziko lonse, ndipo matauni a migodi monga Kitwe, Ndola, Chingola, Mufulira ndi Luanshya anali ndi zinthu zimene madera ambiri a kuno kummwera kwa Africa analibe. Kunali magetsi, kunali malipiro a pamwezi, kunali maholo ndi makalabu omangidwa ndi makampani a migodi, komanso kunali azungu ambiri ogwira ntchito amene ankabwera ndi zimbale zatsopano kuchokera ku Britain. Mnyamata wa m'komboni ya mgodi ankatha kumva The Beatles, The Rolling Stones, James Brown ndi Hendrix, kenako Deep Purple ndi Black Sabbath, pasanapite nthawi yaitali nyimbozo zitatuluka kwawo. Magulu oyamba a anyamata ankangoyimba nyimbo za anthu amenewa mwa kuzimvetsera mobwerezabwereza mpaka zitalowa m'mutu, ndipo luso la gulu linkayesedwa poona mmene lafananitsira ndi chimbale chenichenicho.

WITCH inatuluka m'gulu la anyamata otere kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, m'dera la Chamboli ku Kitwe. Poyamba inkatchedwa Kingston Market, kenako inatenga dzina la Footswitch, lomwe ndi kachipangizo kopondedwa ndi phazi posintha mawu a gitala, ndipo dzinali linafupikitsidwa mpaka kutsala Witch. Tanthauzo loti We Intend To Cause Havoc, kapena kuti cholinga chathu ndi kudzetsa chipwirikiti, linabwera pambuyo pake kudzakwanira m'zilembo zimene zinalipo kale. Sitingalephere kuona kulimba mtima kwa anyamata odzitcha mfiti pakati pa anthu amene nkhani ya ufiti saiseweretsa. Woyimba wamkulu anali Emmanuel Chanda, amene anthu anamupatsa dzina la Jagari pomufanizira ndi Mick Jagger, woyimba wa The Rolling Stones, chifukwa cha kavinidwe ndi kudumphadumpha kwake pa nsanja. Chris Mbewe ankaliza gitala yotsogolera, John Muma gitala yothandizira, Gedeon Mulenga besi, Boidi Sinkala ng'oma, ndipo Paul Mumba ndi amene ankaliza ogani pa chiyambi.

Popeza dzina la gululi linachokera ku chipangizo cha pansi pa phazi, ndi bwino tichiyang'ane pafupi, chifukwa theka la chimene anthu amachitcha psychedelic m'nyimbozi limachokera m'timabokosi tiwiri tachitsulo. Koyamba ndi ka fuzz, kamene munthu angakanyamule ndi dzanja limodzi, ndipo m'kati mwake muli batire ndi matransista awiri kapena atatu basi. Mawu a gitala akamayenda m'waya amakhala ngati mafunde osalala, okwera ndi kutsika mwadongosolo. Kabokosika kamawakuza mafundewo mopyola muyezo umene matransista angakwanitse, moti nsonga zake zimadulidwa n'kukhala zaphwatalala, ndipo khutu limamva kudulidwako ngati kulira kwa njuchi zambirimbiri kapena kwa sowo yodula matabwa. Kuwonjezera apo, liwu limodzi limakhalitsa osazirala msanga, n'chifukwa chake woliza gitala amatha kukoka nsambo imodzi n'kuisiya ikulira kwa nthawi. Chachiwiri ndi wah-wah, chomwe chimaoneka ngati chopondera mafuta cha galimoto. Woliza akachiponda chakutsogolo chimatulutsa mawu okwera, akachibweza ku chidendene chimatulutsa otsika, ndipo akamachigwedeza gitala imamveka ngati mwana akutsegula ndi kutseka pakamwa polira. Zipangizo zimenezi sizinkapangidwa ku Zambia, ndipo gulu limene linali nazo linkazisamala ngati mboni ya m'diso.

Tsono nyimbo zimenezi, zomwe zinapangidwira holo yodzaza anthu otuluka thukuta, zinayenera kulowa pa tepi. Chimbale cha Introduction chinajambulidwa ku Malachite Film Studios ku Chingola, mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Kitwe. Dzina lokhalo likutiuza zambiri: iyi inali situdiyo ya mafilimu, yogwirizana ndi ntchito za migodi, ndipo zida zake zinakonzedwera kujambula mawu a munthu wofotokoza zithunzi, osati anyamata asanu ndi mmodzi okhala ndi ma amplifaya. Pa nthawi yomweyo masitudiyo akuluakulu a ku London ndi New York anali ndi makina a njira 16, kutanthauza kuti chida chilichonse chinkajambulidwa pa kanjira kakekake pa tepi yotambalala. Woyimba akaphonya, ankangobwereza gawo lake lokha, ndipo katswiri ankatha kukhala masiku angapo akukweza ichi, kutsitsa icho, kufikira zonse zitakhala bwino. Pamene njira zili zochepa nkhani imakhala ina. Gulu lonse limayimbira pamodzi m'chipinda chimodzi, maikolofoni ochepa amene alipo amalowa m'kabokosi kosakanizira mawu, ndipo chimene chatuluka m'menemo ndicho chimapita pa tepi osadzasinthikanso. Wang'oma akaphonya pa mphindi yomaliza, onse amayambiranso nyimbo kuchokera pachiyambi.

Zotsatira za kajambulidwe kotere zimamveka bwino munthu akavala mahedifoni. Maikolofoni ya woyimba imatolanso ng'oma zimene zili kumbuyo kwake, ya ng'oma imatola gitala, ndipo mawu onse amalowererana moti palibe chida chimene chimaima pachokha. Njira yokhayo yochepetsera chida chimene chikuposa zinzake ndi kuchisunthira kutali ndi maikolofoni kapena kupempha mwiniwake kuti aziliza mofatsa, ndipo aliyense amene anaonapo mnyamata atagwira gitala yamagetsi akudziwa kuti pempho lachiwirili siligwira ntchito. Tepi nayonso ili ndi malire ake, pakuti mawu akakula kwambiri imawapsinja n'kuwasasitsa. Motero pa chimbalechi pali kusasa kwa mitundu iwiri: kwina kochokera m'kabokosi ka fuzz, komwe Chris Mbewe anakufuna, ndi kwina kochokera ku zida zolemedwa ndi katundu woposa mphamvu zake, komwe palibe anakuitana. Koma kajambulidwe komweko kanasunga chinthu chimene makina a njira zambiri amachipha kawirikawiri, ndicho kumverana kwa anthu oyimbira pamodzi, amene akufulumira limodzi ndi kubwerera limodzi chifukwa akuonana maso.

Tepi ikatha kujambulidwa ntchito imakhala isanafike ndi pakati pomwe, chifukwa kusandutsa tepi kukhala mbale ndi ntchito ya fakitale. Choyamba tepi imaseweredwa m'makina okhala ndi kasingano kotentha kamene kamalemba mzere umodzi wautali wozungulira pa mbale yofewa yopakidwa mtundu wa vanishi wotchedwa lacquer. Mbale imeneyi imakutidwa ndi chitsulo cha nickel kuti papangidwe chidindo, ndipo chidindocho chimaikidwa m'makina amene amapsinja phala lotentha la pulasitiki ya vinyl n'kutulutsa mbale imodziimodzi. Mbale yaikulu yozungulira maulendo 33 ndi pang'ono pa mphindi imanyamula nyimbo za mphindi pafupifupi 20 mbali iliyonse, ndipo n'chifukwa chake zimbale za nthawi imeneyo kawirikawiri zimakhala ndi nyimbo pafupifupi khumi zokha. Makina oterewa anali ku South Africa ndi ku Rhodesia (lero Zimbabwe), koma njira ya kummwera inali ya minga. Ian Smith anali atalengeza ufulu wa boma la azungu ochepa ku Rhodesia mu 1965, Zambia inkasunga omenyera ufulu wa mayiko oyandikana nayo, ndipo mu January 1973 malire a Zambia ndi Rhodesia anatsekedwa. Kumene kunatsala ndi ku Nairobi, komwe kunali mafakitale a zimbale otumikira chigawo chonse cha kummawa kwa Africa, ndipo ndi kumeneko kumene tepi ya WITCH inapita, ulendo woposa makilomita 2,000 ukayenda pa msewu wodzera ku Tanzania.

Apa ndi pamene dzina la underground limaliyenera gululi, ngakhale kuti kwawo silinali gulu lobisika mpang'ono pomwe. Panalibe kampani imene inalipira situdiyo, inakonza chikuto kapena kugawa zimbale m'masitolo. Gululo ndi woyendetsa ntchito zake anadzipezera okha ndalama, zimbale zinachita kunyamulidwa kuchokera ku Kenya, ndipo zinkagulitsidwa kwa anthu obwera kudzaonera gululi likuyimba. Kuchuluka kwa zimbale kunkadalira ndalama zimene zinalipo ndi katundu amene munthu angathe kudutsa naye pa malire, n'chifukwa chake mbale za kusindikiza koyambako ndi zosowa kwambiri lero. Pambuyo pake wamalonda Edward Khuzwayo, mwini wa Zambia Music Parlour ku Ndola, amene anadzakhala mzati wa nyimbo za rock m'dzikolo, anatulutsa Introduction ndi chimbale chachiwiri cha In the Past pa dzina la kampani yake. Chotsatira chake n'chakuti zimbale ziwirizi zilipo mitundu iwiri, wina wotulutsa eni ake ndi wina wa kampaniyo, ndipo mitundu iwiriyi simveka chimodzimodzi. Anthu awiri akhoza kukangana za nyimbo imodzi kwa nthawi yaitali osadziwa kuti aliyense wamva yake.

Ndiyenera kunena mosabisa kuti Introduction si chimbale cha psychedelic kwenikweni, ngakhale amalonda amachigulitsa ndi dzina limenelo. Nyimbo zake monga Home Town, You Better Know ndi Like a Chicken ndi zazifupi, zomangidwa pa makodi ochepa, zoyimbidwa m'Chingerezi, ndipo zimatsamira kwambiri ku The Rolling Stones ndi magulu a garage rock, ndiye kuti rock yokhakhala ya anyamata ongodziphunzira, a m'zaka za m'ma 1960. Zikuonetsa anyamata amene angosiya kumene kuyimba nyimbo za eni ndipo akuyesa kulankhula ndi pakamwa pawo koma chilankhulo chikadali chobwereka. Chimene chimazipulumutsa ndi kagundidwe ka ng'oma ndi besi, komwe sikayenda molunjika ngati ka ku Britain koma kamagwedera mwa kwawo, pamodzi ndi mawu a Jagari amene samveka ngati akutsanzira aliyense akafika pokuwa. In the Past ya mu 1974 inapita patsogolo pang'ono, nyimbo zinayamba kutalika ndi kudekha, ndipo gitala inapatsidwa mpata wolankhula.

Chimbale chimene chimayeneradi dzinalo ndi chachitatu, Lazy Bones!! cha mu 1975, chojambulidwa ku dB Studios ku Lusaka. Pofika nthawiyi zinthu zinali zitasintha, pakuti kampani ya Teal inali ndi makina osindikizira zimbale ku Ndola ndipo ulendo wa ku Nairobi sunalinso wokakamiza. Gululi linali litayimba usiku wosawerengeka m'maholo, ndipo zimenezi zimamveka. Nyimbo yotsegulira ya Black Tears imayamba mwakachetechete ngati ya maliro, kenako fuzz imagwa mwadzidzidzi ngati denga la mgodi, ndipo nyimbo ngati Strange Dream ndi October Night zimasinthasintha liwiro ndi mtima m'njira imene chimbale choyamba sichikanakwanitsa. Chaka chomwecho gulu la Amanaz linatulutsa Africa, chojambulidwanso ku Malachite, chimenenso chili ndi mitundu iwiri, wina wa mawu ouma ndi wina wodzaza mawu a m'phanga. Gulu la Musi-O-Tunya la Rikki Ililonga linali litajambula kale ku Nairobi, ndipo Paul Ngozi ndi Ngozi Family anali m'njira ndi gitala yaukali kuposa onse. Mtundu wa nyimbo zimenezi unapatsidwa dzina la Zamrock, lomwe anthu amati linachokera kwa muulutsi wa pa wailesi Manasseh Phiri.

Olemba ambiri akunja amafotokoza kubadwa kwa Zamrock potchula lamulo la Pulezidenti Kenneth Kaunda loti nyimbo zosachepera 90 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi ya boma zikhale za ku Zambia. Lamuloli linalipodi ndipo linathandiza kwambiri malonda a zimbale, koma linabwera pakati pa zaka za m'ma 1970, pamene Introduction inali itatuluka kale. Silinabereke nyimbozi, linangozipeza zikuyenda n'kuzitsegulira khomo. Chimene linasintha kwambiri ndi chilankhulo ndi kagundidwe. Oyimba anayamba kutembenukira ku Chibemba, Chinyanja ndi magule a makolo, ndipo pa Lukombo Vibes ya mu 1976 WITCH inaikapo nyimbo yotchedwa Nasauka, pamene ina ya m'nyengo yomweyo inatchedwa Chifundo, mayina amene wowerenga Chichewa safunika womumasulira. Chimbale cha mu 1977, chodziwika ndi nyimbo ya Janet, ndicho chinatseka nyengo ya rock ya gululi. Jagari anachoka n'kukachita maphunziro a nyimbo ndi uphunzitsi ku Lusaka, ndipo otsalawo anatembenukira ku disco pa zimbale za Movin' On mu 1980 ndi Kuomboka mu 1984.

Chuma chimene chinadyetsa nyimbozi ndicho chinazigwetsanso. Mtengo wa mafuta unakwera koopsa kuyambira mu 1973, ndipo vinyl imapangidwa kuchokera ku mafuta omwewo. Mtengo wa mkuwa unagwa cha m'ma 1975, ndalama zakunja zogulira zida, nsambo za gitala ndi matepi zinasowa, ndipo wogwira ntchito mu mgodi amene kale ankagula chimbale pakutha pa mwezi anayamba kuwerengera kaye za ufa. Asilikali a Rhodesia atayamba kuponya mabomba m'dziko la Zambia mu 1978, boma linaika malamulo oletsa kuyenda usiku ndi ozimitsa magetsi, zimene zinapha madansi ausiku omwe anali mpamba wa magulu oyimba. Kenako kunabwera makaseti okopedwa mwachinyengo, ndipo m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 matenda a Edzi anatenga oyimba ambiri a m'badwo umenewo. Makampani a zimbale atatseka, matepi oyambirira a magulu ambiri anatayika kapena kuwonongeka, moti nyimbo zina za Zamrock zimene tikumva lero zinachita kukopedwa kuchokera pa mbale zakale zokandika, akatswiri n'kuchotsa kuthetheka kwa singano ndi kompyuta.

Kubwerera kwa zimbale za WITCH kunayambira kwa osonkhanitsa zimbale akunja. Kampani ya ku Germany ya Shadoks inayamba kutulutsanso zina mwa nyimbo za Zamrock, ndipo mu 2012 kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles, motsogozedwa ndi Eothen Alapatt, inasonkhanitsa zimbale zisanu za rock za WITCH pamodzi ndi nyimbo za pa timbale ting'onoting'ono m'bokosi limodzi, itagwirizana ndi Jagari, amene pa nthawiyo ankakumba miyala ya mtengo wapatali kuti apeze chakudya. Ntchito yokonzanso mawu a zimbale zotere ili ndi malire omwe aja tinawaona ku Chingola. Katswiri akhoza kuchepetsa kusosoma kwa tepi, kukweza mawu otsika ndi kuwongola liwiro pamene linapotoka, koma sangathe kulekanitsa ogani ndi ng'oma zimene zinalowa pa njira imodzi zaka zoposa 50 zapitazo. Chimene chinasakanizidwa tsiku lojambulalo chidzakhala chosakanizika mpaka kalekale, ndipo womvera wa lero pa foni yake akumva chipinda chomwecho ndi mtunda womwewo pakati pa woyimba ndi maikolofoni.

Mu 2017 Jagari anakayimba ku Ulaya pa dzina la WITCH pamodzi ndi Patrick Mwondela, woliza kiyibodi wa m'nyengo ya disco, ndi oyimba achinyamata akunja monga Jacco Gardner wa ku Netherlands. Mu 2019 munatuluka filimu ya Gio Arlotta yofotokoza mbiri ya gululi, ndipo mu 2023 linatulutsa chimbale chatsopano cha Zango, chimene linakajambulira ku dB Studios komwe kunajambulidwa Lazy Bones!! Nyimbo yoyamba pa chimbale choyamba chija, yomwe dzina lake ndi Introduction, inapangidwa kuti idziwitse anthu za gululi, ndipo m'kati mwake Jagari amatchula anzake mmodzimmodzi pamodzi ndi chida chimene aliyense akuliza. Mwa anthu onse amene analowa m'situdiyo ya ku Chingola tsiku limenelo, amene anatsala kudzaiyimbanso nyimboyi pamaso pa anthu ndi woitana mayinayo yekha.